Miyezi 10 ndi kalipa ija: zigoba ndinangozinamizira

Mnzanga amene timapitira limodzi kokawombera chandamale anandifunsa sabata yatha ngati angagule kalipa ya dijito, chida choyezera utali ndi kunenepa kwa zinthu, yonga yangayi. Ndinamuuza kuti "aise, taima kaye", kenako ndinakumbukira kuti ndinalembapo mawu oiyamikira itangotha masiku atatu m'manja mwanga. Pano yatha miyezi 10, ndiye ndibweze ena mwa mawu aja.

Ndinaigula pamodzi ndi zigoba zatsopano 200 (timabotolo ta mkuwa tosunga onga wa chipolopolo) za zipolopolo za mtundu wa .308 Winchester kwa wogulitsa mmodzi. Zabwino zake zilipo. Manambala amaoneka bwino ngakhale madzulo. Batani losinthira mainchi ndi mamilimita silinavutepo. Dzimbiri palibe. Poyeza utali wa chigoba, kuona ngati chadutsa mainchi 2.015 omwe SAAMI, bungwe la ku America loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo, linaika ngati malire n'kuchidula kufika pa 2.005, imakwanira ndithu, chifukwa pamenepo mpata ndi waukulu.

Pamene inandigwetsa ndi pa phewa la chigoba, pomwe chimayamba kuchepa kulowera kukhosi. Inu amene mumadzaza nokha zipolopolo mukudziwa kuti chigoba chikawombedwa chimafufuma n'kudzaza chemba ya mfuti, malo omwe chipolopolo chimakhala, ndipo pochibweza mu die, chitsulo chofinyira chigoba kuti chibwerere pa kukula kwake, timafuna kukankha phewa pang'ono chabe, pafupifupi mainchi 0.002 pa mfuti ya bolt, ija yotchera ndi dzanja ukawombera. Apa tikunena muyeso wonga kunenepa kwa tsitsi limodzi. M'mwezi wachinayi ndinamangirira comparator, kachida kogwira pa phewa kuti uyeze utali wofika pamenepo, pa kalipayo n'kuyamba kuyeza, ndipo manambala anali balalabalala. Zigoba zochokera m'paketi imodzi, zowombedwa m'mfuti imodzi, zinkasiyana ndi 0.004, zina mpaka 0.005.

Chala ndinaloza zigoba. Ndinakhala pansi usiku uwiri ndikuziika m'timagulu, zazitali uku, zazifupi uko, tumapepala tolembapo manambala tili mbwee patebulo. Ndinaganizanso kuti mwina mkuwa wauma, poti mkuwa wa zigoba, umene uli ndi magawo 70 a kopa ndi 30 a zinki, umalimba ukamakanikizidwa mobwerezabwereza, ndipo ukalimba umakana kukhala pomwe die yausiya. Ndiye ndinawotcha makosi kuti afewe. Sizinasinthe. Pomaliza ndinachita chopusa chenicheni: ndinatsitsa die kuti zomwe zinkaoneka zazitalizo zifanane ndi zinzake. Apa ndiye ndinakankha mapewa mopyola. Chigoba chotere chikawombedwa chimatamuka kuti chidzaze mpata wotsalawo, ndipo chimapyapyala chakumunsi, pafupi ndi tsinde lake lomwe timalitcha mutu. Nditawombera maulendo ena awiri ndinayamba kuona kamzere kowala kozungulira pamenepo. Ndinapinda kawaya n'kukalowetsa m'kati, ndipo kanakodwa m'kangalande. Chigoba chotero sichibwereranso m'mfuti, chikhoza kuduka pakati. Ndinataya 31.

Chilungamo chinatulukira mwangozi. Tsiku lina ndinaiwala ngati chigoba chomwe chinali m'manja ndachiyeza kale, ndiye ndinachiyezanso. Nambala inatuluka ina. Ndinachiyeza maulendo 10, manambala anatuluka anayi osiyana. Nditatseka kukamwa kwa kalipayo osaikapo kanthu, m'malo mwa ziro inalemba 0.0015. Ndinangoti kakasi, kuyang'ana timagulu tanga tija.

Zoyambitsa zinapezeka ziwiri. Choyamba ndi batire. Inabwera ndi LR44, yomwe mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono, komanso makalipa otchipa ambiri amadyabe batire ngakhale mutazimitsa, chifukwa chimazima ndi galasi lokha. Nditaika SR44, yomwe imasunga mphamvu yofanana mpaka chakumapeto, kulumpha kwa ziro kunachepa kwambiri. Chachiwiri ndi mbali yotsetsereka ya kalipayo, imene imagwedera. Ndikakanikiza ndi chala chachikulu mwamphamvu pang'ono, 0.002 yapita. Pamwamba pake pali tizomangira tiwiri. Ndikamanga zimakhala bwino kwa milungu iwiri kapena itatu, kenako zayambiranso. Ndikamanga kwambiri imakakamira, osatsetsereka.

Pena ndimaikhululukira. Kalipa ya dijito imatha kulemba mpaka 0.0005, koma kulemba nambala ndi kulondola ndi zinthu ziwiri. Opanga ambiri amalonjeza kuti ikhoza kuphonya ndi 0.001 uku kapena uku, ndiye ine amene ndinkafuna kuweruza 0.002 ndi chida chotere ndinali kale m'mphepete mwa phompho. Ndinayeneranso kukhala ndi kachitsulo koyesera ka inchi imodzi kuyambira tsiku loyamba, osati kukabwereka zinthu zitavuta. Koma pena ndikatsegula kabokosi komwe ndinaponyamo zigoba 31 zija, mtima umandiwira.

Zigoba zotsalazo zandidabwitsa. Ndi maikoromita yobwereka, chida choyezera cholondola kuposa kalipa, ndinayeza makosi a 40, ndipo kunenepa kwake sikunasiyane kuposa 0.001. Mabowo a primer, kabatani koyatsa onga kaja, akadali othina nditazidzaza maulendo 6. Katundu amene ndinamunyoza usiku uwiri uja ndi amene anali wabwino m'katoni yonse.

Wogulitsa ndinamulembera m'mwezi wachisanu ndi chiwiri. Anayankha mwaulemu patapita masiku 9, kupempha vidiyo. Ndinatumiza yoonetsa ziro ikuyendayenda yokha kukamwa kuli kotseka. Anati ndisinthe batire, pomwe ndinali nditalemba kale m'uthenga woyamba kuti ndasintha. Nditabwereza, anati chitsimikizo chawo ndi cha miyezi 6 ndipo yanga yadutsa ndi milungu itatu, koma akhoza kunditsitsira mtengo pang'ono ndikagula ina ya mtundu womwewo. Za zigoba sindinapemphe kanthu, die ndinatsitsa ndekha. Chinandipweteka n'chakuti milungu itatuyo inathera m'kudikira mayankho awo ndi m'kukayikira katundu wawo wina amene analibe mlandu.

Ndikawerengera zigoba zotayika, onga ndi ma primer omwe ndinawononga poyesa kupeza vuto, kalipa yotchipayi yandidyera ndalama zoposa zomwe ndinapulumutsa posiya kugula yodula. Ndaisiya patebulo kuti ndiziyezera utali podula zigoba basi, ndipo ndisanayambe ndimaitseka kaye kuona ziro. Mnzanga uja ndamuuza kuti zigobazo agule, ngakhale kwa munthu yemweyo, koma kalipa asunge kaye ndalama mwezi wina akagule kwina. Kutsitsiridwa mtengo kuja sindinakuyankhe mpaka lero.