AmblesideOnline: kuphunzitsa ana pakhomo ndi mabuku a nkhani m'malo mwa mabuku a sukulu

AmblesideOnline ndi tsamba la pa intaneti lomwe limapereka kwaulere ndondomeko ya maphunziro kwa makolo amene akuphunzitsa okha ana awo pakhomo, kuyambira mwana asanafike msinkhu wa sukulu mpaka chaka cha 12 cha maphunziro, chomwe ndi chomaliza cha sekondale. Linayamba mu 1999 ndipo amaliyendetsa ndi amayi ongodzipereka, ambiri mwa iwo a ku America. Maziko ake ndi maganizo a Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku Britain yemwe anabadwa mu 1842 n'kumwalira mu 1923, amenenso anatsegula sukulu yosulira aphunzitsi m'tauni ya Ambleside, komwe dzina la tsambali linachokera. Mayiyu sankagwirizana ndi mabuku amene amangondandalika mfundo zouma kuti mwana aloweze pamtima, koma ankafuna kuti mwana awerenge buku lolembedwa ndi munthu mmodzi woidziwa bwino nkhani yake ndi kuikonda.

Eni tsambali anagawa chaka chilichonse m'zigawo zitatu za masabata 12, ndipo pa sabata iliyonse analemberatu mitu yoyenera kuwerenga pa mbiri yakale, zachilengedwe, ndakatulo ndi Baibulo. Phunziro la mwana wamng'ono ndi lalifupi, kawirikawiri losapitirira mphindi 20. Chimene ndachiona kuti ndi mtima wa njirayi ndi ichi: kholo limawerenga ndime kamodzi kokha, kenaka limatseka buku, ndipo mwana amafotokoza m'mawu akeake zimene wamva, popanda mafunso osankha yankho kapena mipata yoti adzazemo. Poyamba mwana wanga wamkazi ankangoyang'ana kudenga n'kunena kuti waiwala, chifukwa anazolowera kuti chinthu chimabwerezedwa mpaka chilowe. Atazindikira kuti bukulo silitsegulidwanso, anayamba kutchera khutu, moti lero amatha kulongosola chifukwa chimene mfumu ina inagonjera pankhondo, n'kuwonjezerapo maganizo ake kuti mfumuyo inali yosamva malangizo. Amene anakula akumvera nthano za agogo madzulo, mawa lake n'kukazikamba kwa anzawo kudambwe, sadzaiona njirayi ngati yachilendo.

Pa nkhani ya ndalama, ndondomekoyo ndi yaulere, koma mabuku si onse aulere. Ambiri ndi akale kwambiri ndipo amapezeka popanda kulipira pa tsamba la pa intaneti la Project Gutenberg, ena ochita kumvetsera pa tsamba la LibriVox, pamene atsopano amafunika kuitanitsa kunja.

Vuto lalikulu kwa ife lili pa mndandanda wa mabukuwo, ndipo ndi pano pamene kholo liyenera kuganiza mofatsa. Mbiri yakale ya zaka zoyambirira yatsamira pa mafumu a ku England ndi chiyambi cha dziko la America, ndipo buku la mbalame limene amawerenga ana a chaka choyamba limakamba za mbalame za ku North America, pamene pakhomo pathu pamatera pumbwa, mpheta ndi njiwa. Eni ake sanalakwe, poti analembera ana a kwawo, koma mwana wa ku Dedza amene angatchule mafumu a ku England mondondoza osadziwa za Kalonga wa Amaravi, za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, kapena za mmene Malawi analandirira ufulu mu 1964, ndiye kuti waphunzira mbiri ya eni n'kusiya yake. Ine ndimachotsa mitu ina n'kuikapo zathu, ndipo popeza mabuku a nkhani olembera ana pa mbiri yathu ndi osowa, nthawi zambiri ndimayamba ndawerenga ndekha buku la akuluakulu usiku, m'mawa n'kumusimbira ngati nthano. Chingerezi cha m'mabuku akalewo nachonso ndi cholemera kwa mwana amene amalankhula Chichewa pakhomo, choncho ndimamulola kufotokoza m'Chichewa zimene wamva m'Chingerezi, ndipo ndi pamenepo pamene ndimadziwira ngati wamvetsadi kapena akungobwereza mawu. Mabanja achisilamu adziwirenso kuti ndondomekoyi ndi yachikhristu poyera, ili ndi nyimbo za m'tchalitchi zoti ana aphunzire.

Masamu tsambali silipereka, limasiyira kholo kusankha buku lake, ndipo ine ndikuona kuti anachita bwino kusanamizira kuti kugawa ndi kuchulukitsa kungaphunziridwe ndi nkhani yokoma. Chimodzimodzinso mayeso: ngati mwana adzalemba mayeso a MANEB a Sitandade 8 kapena a MSCE, mafunso adzachokera mu silabasi ya boma, kotero mabuku ovomerezeka a sukulu ayenera kukhalabe patebulo, makamaka zaka zoyandikira mayesowo.

Ndingalimbikitse tsambali kwa kholo limene lili ndi nthawi yowerenga mokweza tsiku ndi tsiku komanso lokonzeka kusintha mndandanda wa mabuku. Kwa kholo limene likufuna chinthu choti lingomupatsa mwana azichita yekha ilo lili kuntchito, zaka zoyambirira za ndondomekoyi sizingayende, chifukwa mwana wosadziwa kuwerenga amafuna womuwerengera ndi womumvetsera pa phunziro lililonse.