Galaja ya ku Chinika imene inaletsa Canter yanga kunjenjemera

Canter yanga ndi lole ya Mitsubishi ya 1998, ndipo ntchito yake n'kututa mtedza ndi nyemba kuchokera ku Katete kubwera nazo ku Soweto Market mu Lusaka. Vuto linayamba ndi kaphokoso kakuti gu! gu! kutsogolo kumanja ndikalowa m'maenje. Ndinkangoti n'chikalamba. Koma tsiku lina ndikutsika mapiri a Manenekela pa msewu wa Great East nditadzaza matumba, nditaponda buleki chiwongolero chinayamba kugwedezeka ngati munthu wamalungo, moti manja anachita dzanzi.

Galaja yoyamba, imene sinditchula, anangomvetsera injini ili chilirire n'kunena kuti ndi matayala. Ndinagula awiri atsopano, anawachita balansi. Ndalama zinapita, kunjenjemera kunatsala.

Mlamu wanga ndiye ananditengera ku Chinika, mu Lusaka momwemo, kwa mdala wina wa ovolosi yong'ambika pabondo. Funso lake loyamba linali lakuti: "Abwana, imagwedezeka nthawi zonse mukathamanga, kapena pokhapokha mukaponda buleki?" Nditati pa buleki pokha, anaseka n'kuti matayala aja analibe mlandu. Vuto la balansi limamveka pa liwiro ngakhale phazi lili kutali ndi buleki. Likamamveka m'chiwongolero poponda, yang'anani kutsogolo. Likamamveka kwambiri pampando, kawirikawiri ndi kumbuyo.

Kenako anaikweza pa jeke. Anagwira tayala pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza, ndipo ine ndemwe ndinamva kuti khu khu. Anauza mnyamata wake kuti akwere aponde buleki, n'kugwedezanso. Kuseweraku kukanatha, akanati ndi bearing. Sikunathe, ndiye kuti kingpin, chitsulo chimene wilo lakutsogolo limatembenukirapo pokhota, yadyeka. Atagwira tayala m'mbali, tie rod end, mfundo yolumikiza wilo ku zitsulo za chiwongolero, nayo inkasewera, kalabala kake kali kong'ambika, girizi atauma kalekale. Apa manyazi anandigwira, pakuti sindikumbukira chaka chimene ndinapopera girizi m'ma kingpin amenewo.

Madiramu a buleki anawachotsa onse awiri, n'kuwayeza. Lakumanja silinalinso lozungulira bwino. Anandifunsa ngati ndimathira madzi pamawilo akatentha ndikafika pa mlatho wa Luangwa. Ndinangoyang'ana pansi. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimapindika, ndipo mabawuti omangidwa ndi paipi mosasinthanitsa amawonjezera vutolo. Asanawatumize kokapala pa makina anandionetsa nambala yolembedwa pa diramu, malire a kukula kwake, kuti akapitirira pamenepo n'kugula lina basi. Anga anali akadali ndi mnofu.

Zodandaula zilipo. Anati mawa, koma zinatenga masiku atatu. Foni sayankha akakhala pansi pa galimoto, ndipo amakhala pansi pa galimoto tsiku lonse. Pokhala palibe, ndinakhalira tayala lakale padzuwa. Zitsulo mumakagula nokha m'tauni, ndipo tie rod end yoyamba anandibweza nayo kuti ndi yabodza, kuyenda kawiri pa minibasi. Alignment, kuwongola mawilo kuti aloze molunjika, alibe makina ake, mumapita kwina. Mtengo wonse unadya phindu la maulendo awiri, ngakhale ya manja ake inali yochepa poyerekeza ndi ya matayala aja.

Zitsulo zakale zonse anandiikira m'thumba la simenti kuti ndipite nazo. Sabata yatha ndatsikanso Manenekela ndi matumba 60, pa giya yachiwiri monga anandiuzira, chiwongolero chili phee. Kaphokoso kena kayamba kumbuyo, ku masipuling'i, ndipo Lolemba ndikupitanso komweko nditanyamula mpando wanga.