Ulendo wa zikondwerero ku Madrid: nyenyezi zinayi pa zisanu

Kampani imene tinalipira imatsatsa ulendowu kuti ndi wa Khirisimasi. Mumtengo wake muli fulati yogonamo, galimoto yokutengani pa bwalo la ndege la Barajas, ndi munthu wokuperekezani mumzinda pa masiku akuluakulu. Ndege ndi viza mumadzionera nokha. Ife tinanyamukira ku Manchester, ine, bambo a kunyumba ndi ana awiri. Amene muli ndi pasipoti ya Malawi, chilolezo chokhalira ku UK sichingakulowetseni ku Spain. Pamafunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, mayuro 90 munthu wamkulu. Kalata ya malo ogona yoperekera popempha viza anatitumizira msanga, apo sindidandaula.

Fulati inali m'dera la La Latina, koyenda pansi kupita ku Plaza Mayor, bwalo lalikulu la pakati pa mzinda. Inali yaukhondo, khitchini muli zonse, koma nyumbayo ndi yakale, ilibe chikepe, ndipo hita ya kuchipinda cha ana inkangofunda pang'ono. Madrid ili pamtunda, mamita opitirira 600, moti usiku kumazizira kofika m'mafupa. Chotonthoza n'chakuti masana kumawala dzuwa, ndipo limalowa cha m'ma 6 koloko, pomwe ku Manchester nthawi ngati imeneyi 4 koloko kwada kale.

Nyenyezi imodzi ndawalanda chifukwa cha pa 24 December. Munthu ukugulitsa ulendo wa Khirisimasi, uyenera kuuza makasitomala ako kuti usiku umenewo anthu a ku Spain amadya kunyumba ndi abale awo, zitseko zotseka. Pofika madzulo masitolo anali atatseka, malo odyera ambiri chimodzimodzi, ndipo ochepa amene anatsegula ankafuna oti anasungitsa malo kalekale, pa mtengo woboola m'thumba. Papepala limene anatipatsa anangolemba kuti madzulo aufulu. Aufulu kupita kuti? Tinadya mazira ndi buledi, Mfumu Felipe akulankhula pa TV. Anansi kuseri kwa khoma akuseka ndi kuimba, fungo la mwanawankhosa wootcha lili thoo m'masitepe. Pakati pa usiku tinapita ku Misa, tchalitchi chinali chodzaza, koma nakonso tinachita kudzifunsira tokha. A kampaniyo ndinawalembera za nkhaniyi, anandiyankha patatha masiku, kupepesa kwa pakamwa basi.

Chimene chinawombola ulendo wonse ndi mayi amene ankatiperekeza. Ndi wobadwira mumzindamo, Chingerezi chake chomveka, ndipo ana anawazolowera tsiku lomwelo. Pa 22 December anatilowetsa m'kabala kena m'mawa kuti tione maere a lotale ya Khirisimasi pa TV. Lotaleyi inayamba mu 1812. Ana a sukulu ya San Ildefonso amachita kuimba manambala ku nyumba ya zisudzo ya Teatro Real kwa maola angapo, nyimbo yake imodzimodzi, ndipo m'balamo aliyense anali ndi katikiti ka mayuro 20 m'manja, ena ogawana ndi anzawo a kuntchito. Ine sindichita za juga, koma kuona agogo akusiya khofi kuzizira chifukwa cha mawu a kamwana kunandiseketsa. Anatitengeranso ku msika wa pa Plaza Mayor, kumene amagulitsa tizidole toumba chithunzi cha Betelehemu: abusa, nkhosa, chitsime, mpaka mayi wochapa kumtsinje. Pambali pake pali mawigi amitundumitundu ndi zoseweretsa zopusitsira anthu, chifukwa tsiku lawo lonamizana ndi 28 December.

Za mphesa ndiye anazikonza mwaukatswiri. Ku Spain chaka chimalowa ndi mphesa 12, imodzi pa kulira kulikonse kwa belu la wotchi ya pa bwalo la Puerta del Sol. Mayiwo anatiuza mosabisa kuti pa 31 si malo opitako ndi ana: apolisi amatseka bwalolo anthu akakwana, siteshoni ya Metro ya Sol amaitsekanso, ndipo umaima pachisanu maola ambiri popanda chimbudzi pafupi. M'malo mwake anatitengera pa 30 usiku, pamene amayesa wotchiyo ndipo khamu limabwerabe kudzayeserera. Anatichenjeza kuti mpira wa pamwamba pa nsanja ukatsika, pamayamba kulira timabelu tofulumira kanayi, ndipo alendo ambiri amayamba kudya pamenepo n'kusokonezeka. Mabelu enieni amabwera pambuyo, motalikirana masekondi atatu. Masekondi atatu amaoneka ambiri mpaka utakhala ndi mphesa zisanu m'kamwa, njere zikukutsamwitsa. Bambo a kunyumba anathera pa yachisanu ndi chiwiri, masaya ali tutumu, misozi ili mbwe. Pa 31 peniyeni tinadyera pa TV m'fulati, ndi mphesa za m'chitini zosenda kale, zopanda njere, zimene mayiwo anatigulira 12 aliyense. Mwana wamng'ono tinamudulira zake pakati.

Koma tsiku lalikulu kwa ana a ku Spain ndi 6 January, la Mafumu Atatu, anzeru a kum'mawa aja. Mphatso amabweretsa ndi iwowo. Madzulo a pa 5 amadutsa mumzinda pa mdipiti waukulu, kuchokera ku Nuevos Ministerios kutsika msewu wa Castellana mpaka ku Cibeles. Mayi otiperekeza aja anatifikitsa dzuwa likadalipo, ndipo tinapeza mabanja atabwera ndi makwerero a kunyumba, ana atakhala pamwamba pake. Ena anatembenuza maambulera chagada kuti awolere maswiti amene amaponyedwa kuchokera pa magalimoto okongoletsedwa. Azigogo ovala makhoti odula ankalimbirana maswiti pansi osachita manyazi. Mfumu Melchor anadutsa, Mfumu Gaspar anadutsa, koma phokoso linakula pofika Baltasar, mfumu yakuda. Ku Madrid amene amavala ufumuwu pa mdipiti waukulu ndi munthu wakuda weniweni. M'matauni ena, monga Alcoy, anthu amadzipakabe zakuda kumaso, ndipo nditafunsa mayiwo sanazembe, anati nkhaniyi amakangana nayo okhaokha chaka chilichonse. Ndinawalemekeza pa yankho limenelo. Mwana wanga wamkazi anakuwa dzina la Baltasar mpaka mawu kusasa.

Usiku umenewo ana anasiya nsapato pakhomo monga anauzidwira, m'mawa n'kupezamo timphatso ndi makala a shuga, amene amapatsa ana osamvera mwanthabwala. Kampani inatumiza roscón, buledi wotsekemera wozungulira ngati nkhata, wa kirimu pakati ndi zipatso zouma pamwamba. Mkati amabisamo kachidole ndi nyemba imodzi youma. Wopeza kachidole amavala chisoti chapepala, wopeza nyemba ndiye amalipira bulediyo. Nyemba inagwera ine, mwamwayi anali atalipira kale. Turrón, switi ya uchi ndi mtedza wa almond, ndinakonda yofewa ya ku Jijona. Yolimba ya ku Alicante samalani nayo mano.

Kwa amene mukuganiza zolipira: funsani ngati angakudulireni mtengo kuti mufike pa 29 December n'kubwerera pa 7 January, chifukwa zokoma zambiri zili kumapetoko, ndipo pa 7 masitolo amayamba kutsitsa mitengo. Yang'ananinso kalendala ya sukulu, poti ku England ana amatsegulira masiku omwewo. Mukaumirira zodzakhalako pa 24, gulani ndiwo zanu m'mawa, ndipo muwauze akuikeni m'nyumba ya chikepe.