Makina opalasira aja, patatha miyezi 11

Alamu anga anandiimbira Lamlungu lapitali kufunsa ngati makina opalasira amene ndinagulira mwana wanga, aja olimbitsira thupi ngati ukupalasa bwato, ali aphindu, poti mnyamata wawo amangokhalira foni. Anaimba nthawi yolakwika. Ndinali nditangotsika minibasi kuchokera ku Ndirande, nditasiyako K45,000 chifukwa cha makina omwewo. Ndinati, "Alamu, dikirani kaye mtima ukhale pansi." Lero wakhalako pang'ono.

Ndinawagula ku Limbe kwa bambo wina wogulitsa katundu wakale, pa K600,000. Mtsikana wanga wa Folomu 3 anali atavulala bondo pa netibo, ndipo adokotala anati asiye kaye zodumphadumpha. Makinawa ndi a mtundu wa mphepo uja: umakhala pa kampando koyenda pa njanji, ukakoka chogwirira tcheni limazunguza fani, ndipo ukakoka mwamphamvu nayonso imalimba. Chimango ncholimba, sichinagwedezekepo. Kowerengera mamita kamayendera mabatire, ndiye kaya magetsi athime, mwana amapalasa basi. Phokoso lilipo ndithu, koma aneba anazolowera.

Vuto ndi chingwe cha mphira chimene chili mkati, chija chimabweza tcheni ukamaliza kukoka. Mwezi wachinayi chinafooka. Tcheni linayamba kulendewera, ndiye mwana akati akoke, poyamba amakoka mphepo kenako n'kugutuka mwadzidzidzi, mpaka anayamba kudandaula msana. Tsiku logula, bambo aja anandigwira paphewa n'kunena kuti chikavuta chilichonse m'miyezi isanu ndi umodzi, ndingobwera. Ndinapita. "Bwana musadandaule, ndiitanitsa ku Joni." Patatha milungu itatu, nkhani inasanduka ya foleksi. Ulendo wachitatu mnyamata wawo anati abwana atuluka pang'ono, chonsecho galimoto yawo ili pakhomo, tiyi akufuka nthunzi patebulo. Ndinalibe pepala lililonse, ndipo pamenepo wopusa ndinali ine.

Anandipulumutsa ndi madala ena okonza njinga ku Ndirande. Poyamba anaika mphira wa chubu, unatha milungu itatu n'kuduka. Kenako anapeza chingwe chotamuka chija akabaza amamangira katundu, n'kuchiyeza kutalika bwinobwino. Mpaka lero chikugwira, ngakhale sichibweza msanga ngati chenichenicho. Za sabata yathayi ndi timatayala ta pansi pa mpando. Fumbi la Okutobala linatidya, mpando n'kumadumpha ngati minibasi pamabampu, moti anachita kusema tatsopano. Pano ndimapukuta njanji tsiku lililonse, tcheni n'kulidontheza oyilo. Wogulitsa sanandiuzepo zimenezi.

Ndikafika pamenepa ndimafuna kuwatulutsa panja agwe dzimbiri. Koma ikakwana 5 koloko m'mawa ndimamva fani ikulira pakhonde, mkwiyo n'kuphwa.

Ine ndinkayesa kupalasa ndi ntchito ya mikono. Ayi ndithu. Mphamvu yambiri imachokera m'miyendo: umakankha ndi miyendo, n'kutsamira kumbuyo, mikono imamaliza. Bondo lija silinatupenso chifukwa palibe kumenyetsa phazi pansi. Mwana anamva kuti pa mipikisano ikuluikulu amapalasa mamita 2,000, ndiye anagula kope n'kumalemba nthawi yake. Tsamba loyamba pali mphindi 11 ndi kanthu. Tsiku limenelo anayamba ngati akuthawa galu, atangodutsa theka la ulendo n'kugwera pansi, kulira kuti makinawa ndi oipa. Palibe anamukalipira. Kowerengera kaja sikanama, sikakondera, ndipo anaona yekha kuti akayamba modekha amafika ndi mphamvu. Pano ali pansi pa mphindi 9. Foni amaisiya yekha 9 koloko usiku, pomwe kale tinkachita kulandana. Mchimwene wake wamng'ono amakhala pambali kumuwerengera, kenako amasinthana, ndipo ndi nthawi yokhayo imene awiriwa sakangana.

Pa Khirisimasi tinapita ku Mangochi. Msodzi wina anamubwereka nkhafi, iye ali ndi matama onse a pakhonde. Bwato linangozungulira pamodzimodzi. Anayamba kufotokoza kuti pa masewera enieniwo munthu amafulatira kumene akupita, nkhafi zili zomangirira m'mbali mwa bwato. Msodziyo anaseka mpaka kukhala pamchenga, amvekere, "Mwana wanga, ndiye ng'ona uziiona bwanji?" Atabwerako anapempha kuti aphunzire kusambira. Chimandiwawa n'chakuti ku Blantyre kuno madzi oti n'kupalasapo ndi osowa. Damu la Mudi ndi la madzi akumwa, ndipo kunyanja ndi ulendo wa maola angapo ndi mafuta ake.

Ndiye alamu, ndikaphatikiza kukonza konse ndi maulendo a ku Limbe, ndadutsa K700,000. Ndikayang'ana mwanayu, ndalamayo sindiilira. Ndikakumbukira bambo aja, imandiwawa mpaka tambala. Mukafuna kugula, uzani wogulitsa atsegule pansi muone chingwecho, mukokenso mpando mumve ngati ukugunda, ndipo lonjezo lililonse alembe n'kusaina. Kwa bambo ajawo musapiteko. Musanataye ndalama, mutumizeni mnyamatayo Loweruka adzayese athuwa, tione ngati angafike mamita 2,000 osatsika. Abwere ndi mabatire awiri, athu atsala pang'ono kutha.