Alangizi a zachilengedwe m'sukulu za mu Blantyre: pomwe ntchito yawo ikupindula ndi pomwe ikuperewera

Sukulu zambiri za mu Blantyre zili ndi kalabu ya zachilengedwe, ndipo makalabuwa amadalira kwambiri mlangizi wochokera ku bungwe losamalira chilengedwe. Lodziwika bwino ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi (WESM), lomwe linayamba mu 1947 likutchedwa Nyasaland Fauna Preservation Society, koma alipo mabungwe ena ang'onoang'ono ogwira ntchito yomweyi. Kawirikawiri mlangizi amabwera ndi zinthu zitatu: phunziro la m'kalasi, nazale ya mitengo, ndi ulendo wa ku phiri la Michiru. Ahedi ndi apatironi a makalabu, muitaneni ndithu mlangiziyo, koma dziwani kuti zitatuzi sizipindula mofanana, ndipo ntchito yake muiyeze mu Okutobala powerenga mitengo yomwe ili moyo. Chiwerengero cha mbande zomwe zinabzalidwa mu Januwale sichikuuzani kanthu.

Phunziro la m'kalasi ndilo lofooka pa zonse. Kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo mumzinda muno, ndipo mlangizi akaima kutsogolo ndi tchati n'kumalongosola za kusintha kwa nyengo, omva ndi a mizere iwiri yoyamba. Mlangizi wodziwa ntchito amatulutsa ana panja pasanathe mphindi khumi. Amadula mabotolo awiri apulasitiki chamlitali, lina n'kuikamo dothi lambee, lina dothi lokhala ndi udzu wake, n'kuwapendeketsa mofanana. Akathira madzi ofanana, ana amadzionera okha kuti otuluka m'botolo loyamba ndi amatope ndipo athamanga, pamene enawo atuluka pang'onopang'ono ali oyererako. Mwana amene amawoloka Mudi kapena Naperi tsiku ndi tsiku safunikanso kumuuza chifukwa chake mtsinje umafiira mvula ikagwa.

Phindu lenileni lili pa nazale, ndipo apa ndi pomwe mlangizi waluso amasiyana ndi wongolankhula. Nthawi ndiyo yoyamba. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, choncho machubu apulasitiki ofesamo mbewu ayenera kudzazidwa sukulu zikangotsegulira mu Seputembala. Mlangizi wofika ndi mbewu kumapeto kwa Novembala wachedwa: mbande zake zidzakula mvula ili kumapeto, ndipo zidzalowa m'chilimwe mizu isanazame.

Dothi la m'machubu limasakanizidwa motere: mawilibala awiri a dothi la pamwamba, imodzi ya mchenga, imodzi ya manyowa owolerana bwino, zonse zosefa. Dothi lofiira la katondo likalowa lokha m'chubu limauma gwa, madzi n'kumangotsetsereka m'mbali osafika pa mizu. Manyowa osapsa amawotcha mbande ndi kuitana chiswe. Bedi la machubu lisapitirire mita imodzi m'lifupi, kuti mwana wa Sitandade 5 athe kufikira pakati osaponda.

Pa mbewu ndi pomwe makalabu ambiri amagwa mphwayi, poganiza kuti apatsidwa mbewu yakufa. Msangu ndi mtangatanga zili ndi khungu lolimba, ndipo zimafunika kuzitema pang'ono ndi chowengera zikhadabo, kumbali yotalikirana ndi kaso komwe muzu umatulukira. Mukatema pa kasopo mwaipha. Gliricidia amangofuna kuviikidwa m'madzi ozizira usiku umodzi. Mbawa safuna chilichonse mwa izi, koma mbewu yake sichedwa kutha mphamvu, choncho yogonera chaka musaivomere. Msangu ulinso ndi vuto lakelake: muzu wake waukulu umathamangira pansi, kuboola chubu n'kulowa m'nthaka, ndipo pozula mbandeyo imafa. Machubu ake aikidwe pathandala kuti muzu ukatuluka uziuma wokha ndi mphepo. A mitengo ina ija azisunthidwa pakatha milungu iwiri iliyonse, mizu yotulukira pansi n'kumaidula. Mlangizi amene sanatchule zimenezi mufunseni.

Madzi ndi nkhani yoti mugwirizane musanadzaze chubu ngakhale chimodzi. Machubu 1,000 amamwa ndowa zosachepera ziwiri za malita 20 patsiku m'nyengo yotentha, m'mawa ndi madzulo. Pasukulu yodalira mpopi wa Blantyre Water Board madziwo ndi bilu, ndipo masiku ena mpopi umauma. Kuli bwino machubu 300 osamalika kusiyana ndi 2,000 ofota. Kuthirira mopyola muyeso nakonso kumapha, chifukwa timbande timawola patsinde n'kugwa, makamaka shedi ikakhala yothithikana. Kutatsala milungu itatu kapena inayi kuti mubzale, chepetsani madzi ndi kuphwasula udzu wa pashedi pang'onopang'ono kuti mbande zikhwime.

Chodandaulitsa chachikulu pa chithandizo chamtunduwu n'chakuti nthawi zambiri chimathera pa tsiku lobzala. Pamakhala alendo, nyimbo, ndakatulo ndi zithunzi, kenako zii. Pa tsikulo pamachitikanso zolakwika chifukwa cha liwiro: maenje okumbidwa m'mawa womwewo osafika masentimita 30 kuya ndi m'lifupi, mbande zokwiriridwa ndi chubu chake chomwe, bulugamu wobzalidwa m'mbali mwa mtsinje pomwe pamayenera mbawa, mkuyu kapena katope. Koma mitengo yambiri imafa pambuyo pake, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene mbuzi zikuyenda momasuka, chiswe chalusa, osaka mbewa akutentha tchire, ndipo mbali ina ya nthawiyo ana ali pa holide yaitali. Apa ndi pomwe mlangizi amafunika kubweranso, kudzaona ngati mtengo uliwonse uli ndi beseni lake, ngati watchingidwa ndi minga kapena nsungwi, ngati udzu wophimbira sunagunde tsinde, ndiponso ngati kuzungulira malowo kwalambulidwa moto usanafike. Sikuti nthawi zonse ndi ulesi wa mlangizi. Munthu mmodzi amakhala ndi sukulu zambiri, ndalama ya mayendedwe ili yochepa. Komabe sukulu ili ndi ufulu wopempha kuti ulendo umodzi wa m'dzinja usinthidwe ukhale wa m'chilimwe.

Alangizi ochepa amaphunzitsanso kusamalira zitsa zophukira, ndipo ndi amene ndimawayamikira kwambiri. M'mphepete mwa mapiri a Ndirande, Soche ndi Mpingwe muli zitsa za mitengo yachilengedwe zomwe mizu yake ikadali moyo. Posiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu n'kudulira zinazo, mtengo umabwerera msanga kuposa mbande, popanda chubu kapena keni.

Ulendo wa ku Michiru ana amaukonda, ndipo n'zomveka. Phirili, lotalika pafupifupi mamita 1,470, lili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire, ndipo ndi komwe mwana wobadwira m'tauni angaone nkhalango ya mombo ndi masuku ili chilili, ngakhale nakonso owotcha makala afikako. Anyani ndi apusi amaoneka, mbalame n'zambiri. Afisi aliko, koma amayenda usiku, choncho musalonjeze ana kuti akawaona. Mlangizi wabwino amawaonetsa mapazi ndi ndowe zake zoyera chifukwa cha mafupa omwe fisi amatafuna, ndipo ana amagwira nkhaniyo kuposa akadaona nyamayo ikuthawa patali. Ulendowu umawonongeka ndi kuchuluka kwa ana. Gulu la 80 kumbuyo kwa munthu mmodzi limasanduka phokoso, nyama n'kuthawa, a kumbuyo osamva kanthu. Gawani magulu a ana 15 mpaka 20, lililonse ndi wamkulu wake. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwere, mwana aliyense ndi lita imodzi ya madzi ndi nsapato zotseka. Lankhulani ndi a ku ofesi ya kumeneko masiku angapo ulendo usanachitike kuti mudziwe ndalama yolowera ndi kupeza wokutsogolerani, ndipo m'dzinja funsaninso za msewu musanabwereke minibasi. Mwana aliyense apatsidwe chochita, monga kujambula masamba a mitengo isanu ndi kulemba maina ake m'Chichewa.

Pali chinthu china chomwe sichilembedwa m'mapulani koma chimaonetsa kukhwima kwa mlangizi. M'kalasi iliyonse muli ana omwe makolo awo amagulitsa makala, ndipo pafupifupi onse adya nsima yophikidwa pa mbaula ya makala. Kuwauza kuti owotcha makala ndi adani a dziko n'kutukwana bambo a mwana pamaso pa anzake, ndipo mwanayo sabweranso ku kalabu. N'chimodzimodzi ndi nkhani ya namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023. Ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwa Soche kuli ana omwe anataya abale awo m'matope aja. Nkhaniyi ndi yofunika kuiphunzitsa, koma mlangizi ayambe wafunsa aphunzitsi za ana omwe ali m'kalasimo. Olankhula mwanzeru amakamba zomwe banja lingathe: chitetezo mbaula (mbaula yadothi yosamala nkhuni), kuviika nyemba usiku kuti zipse msanga, kuvindikira poto, kubzala keshya m'malire a nyumba kuti nkhuni zizipezeka pafupi.

Musanavomere bungwe lililonse, khalani pansi ndi mlangiziyo pamodzi ndi komiti ya sukulu, mulembe kuti adzabwera miyezi iti, machubu, mbewu ndi makeni agula ndani, ndi ndani adzathirire pa holide ya Khirisimasi pamene mbande zili pafupi kubzalidwa. Pemphaninso kuti aphunzitse apatironi awiri, chifukwa mphunzitsi mmodzi akasamutsidwa kalabu imatha naye. Kalabu ikhale ndi kope lolembamo mtundu wa mtengo, tsiku lofesa, tsiku lobzala ndi chiwerengero, ndipo mlangizi asaine m'kopemo mu Okutobala atawerenga yekha mitengo yomwe yapulumuka.