Ndemanga: masiku anayi panyumba yogona alendo ku Likoma

Ndinafika koyamba pachilumba cha Likoma mu 2009 pa sitima ya Ilala kuchokera ku Nkhata Bay, ndipo chimene sichinandichoke m'mutu zaka zonsezi ndi bata lake. Injini ya magetsi ikazima usiku, munthu unkangomva mafunde, uku nyali za asodzi a usipa zitandanda panyanja ngati mudzi wina woyandama. Mwezi wathawu ndinabwererako, ndipo ndinasankha dala kanyumba kogona alendo ka m'mphepete mwa nyanja, kotalikirana ndi msika wa Mbamba, pofuna kuona ngati bata lija likadalipo.

Pankhani imeneyi eni malowa sanandikhumudwitse. Chipinda changa chinali chamiyala, chofolera ndi udzu, chaukhondo, neti yake yopanda chibowo ngakhale chimodzi, ndipo ndikatsegula chitseko m'mamawa ndinkaona mapiri a ku Mozambique tsidya lija, pafupi kwambiri moti umamvetsa chifukwa chake amati chilumbachi n'cha Malawi koma chili m'madzi a eni. Palibe wailesi imene inkasokosa pabala. Mayi wophika anandifunsa ngati ndimadya kondowole, ndipo nditavomera anandikonzera ndi usipa wauwisi wofutsa, wogulidwa padoko m'mawa womwewo. Chakudya chimenecho chokha chinandibwezera zaka zambiri m'mbuyo.

Mnyamata wogwira ntchito pamalopo anandiperekeza wapansi, kudutsa m'milambe ndi m'mitengo ya mango, mpaka ku Chipyela, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene amishoni a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA anayamba kumanga mu 1903. Sanandithamangitse, ndipo anadziwa pamene panafunika kukhala chete. Njinga zamoto za kabaza zachuluka ndithu m'njiramo, zimene kale kunalibe, koma phokoso lake silifika kunyumbako.

Zodandaula zilipo ziwiri. Tsiku lachitatu mpope unauma kuyambira m'mawa mpaka madzulo popanda wondiuza chifukwa, moti ndinakasamba kunyanja, zomwe mu 2009 ndikanaziseka koma pamtengo umene ndinalipira sizinandisangalatse. Chachiwiri, chakudya chamadzulo chimachedwa kwambiri ngati simunaitanitsiretu masana.

Ngakhale zili choncho, ndidzagonanso pomwepo. Amene mukupitako mutenge ndalama zokwanira m'manja ndi tochi, ndipo muikepo tsiku limodzi lapadera, pakuti mwera ukakalipa panyanja ulendo wobwerera umasintha.