Jakaranda kapena flamboyant: mufese uti pakhomo panu?

Mitengo iwiriyi ndi yobwera. Jakaranda kwawo ndi ku South America, cha ku Argentina ndi Bolivia, pomwe flamboyant adachokera ku Madagascar. Yonse imamera bwino kuchokera ku njere zotola pansi pa mtengo, koma ntchito yake njosiyana.

Njere za jakaranda ndi zopyapyala, zokhala ndi timapiko, ndipo zimakhala m'chikoko chobulungira. Sizivuta. Ziviikeni m'madzi tsiku limodzi, mufese m'machubu a dothi losakaniza mchenga ndi manyowa owolerana, osazikwirira kwambiri. Pakatha masabata awiri kapena atatu zatulukira. Vuto lake ndi kudikira: jakaranda wa njere amatha zaka 7 kapena kupitirira asanachite maluwa ake a mtundu wa pepo aja omwe amakongoletsa misewu ya Blantyre mu Seputembala ndi Okutobala.

Flamboyant ndiye amafuna dzanja. Njere zake, zomwe zimakhala m'makoko aataliatali ngati zikwanje, zili ndi khungu louma gwa, moti mukangozikwirira zimatha kukhala m'dothi miyezi osamera. Chekani pang'ono khungulo ndi chowengera zikhadabo, mbali yotalikirana ndi pomwe njere idalumikizana ndi khoko, kenako muviike usiku umodzi mpaka itafufuma. Ena amathira madzi otentha n'kuzisiya momwemo mpaka azizire. Ine ndimakonda kucheka, chifukwa madzi akatenthetsa amapha njere. Ikamera, mbande yake imathamanga, ndipo m'malo otentha ngati Salima, Mangochi ndi Chikwawa nthawi zambiri imachita maluwa msanga kuposa jakaranda. Kumalo ozizira ngati Dedza imakula monyinyirika. Kumeneko jakaranda ndiye woyenera.

Chomwe ambiri saganizira pofesa ndi mizu. Ya flamboyant imayenda pamwambapamwamba, imatukula simenti ya pakhonde ndi kung'amba mpanda, ndipo pansi pake udzu sumera bwino. Pa poloti yaing'ono ya m'tauni sindingamulangize munthu kumubzala, ngakhale maluwa ake ofiira a mu Novembala amakopa mtima. Malo ake ndi pabwalo la sukulu, la tchalitchi kapena pakhomo potakasuka. Jakaranda naye muwokere patali ndi nyumba, ndipo mbande zomera zokha muzizule, poti amafala msanga, moti ku South Africa adamuika pa mndandanda wa mitengo yolanda malo a zomera zachilengedwe.

Yonse iwiri muwokere mvula ikakhazikika mu Disembala, mutchinge mbuzi, muyang'anirenso chiswe chaka choyamba.